Shafuti ya chigayo singaongoke pa makina odwala

Alimi ambiri a ku Kasungu akagulitsa fodya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo amapatulako ndalama zokonzetsera chigayo, ngolo kapena pampu. Shafuti ikadyeka pamalo pokhala bering'i, amapita nayo kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo otchedwa lathe. Iye amawotcherera podyekapo nkusema kuti pabwerere mu saizi yake. Koma ena amadabwa kuti pakatha milungu yochepa chigayo chayambanso kunjenjemera ndi kupha mabering'i. Nthawi zina vuto silikhala la chigayo ayi, koma la makina amene anasema shafutiyo.

Lathe nayo ili ndi shafuti yakeyake yotchedwa spindle, imene imazunguza chitsulo chikamasemedwa. Spindle imakhala pa mabering'i, ndipo akatha imayamba kugwedera. Ikagwedera, mpeni sudya mofanana mbali zonse, choncho chitsulo chimatuluka chosabulungira bwino ngakhale chikunyezimira. Paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Chigayo chimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, tsono kupotoka kumene diso silingaone nkokwanira kuwotcha bering'i yatsopano.

Zizindikiro zake nzosabisika. Makina amalira mokhuluza, pamalo pa mabering'i pamatentha koti dzanja silingakhalepo, ndipo pa chitsulo chosemedwa pamaoneka timizere tonga mafunde. Mmisiri wodziwa ntchito amayeza ndi geji yonga wotchi, imene kamzere kake kamodzi ndi 0.01 mm. Amaiyika pakamwa pa spindle nkuizunguza ndi dzanja, kenako nkuinyamula pang'ono ndi thabwa. Muvi ukamayenda timizere tingapo, makinawo akufuna kukonzedwa.

Makina ambiri ali ndi mabering'i osongoka omwe amamangidwa ndi nati. Ngati sanathe kwambiri, kumanga natiyo pang'onopang'ono kumathetsa kugwedera, koma ikamangitsitsa bering'i imatentha nkupsa. Ngati njira zam'kati mwake zakumbika, palibenso kuchitira mwina koma kusintha, ndipo ndi bwino kusintha yakutsogolo ndi yakumbuyo nthawi imodzi. Pa spindle pamafunika mabering'i a giredi yapamwamba, monga P5 kapena P4, osati wamba a m'ngolo. Polowetsa, hamala ndi mdani. Bering'i imatenthetsedwa mu oilo woyera osapyola madigiri 120, ndipo ikafutukuka imalowa yokha. Pamalo pogwirira ntchito pasakhale fumbi, chifukwa kamchenga kamodzi kakhoza kuipha.

Nanga mlimi achitepo chiyani? Musanasiye shafuti yanu, pemphani kuona chitsulo chimene mmisiri wangomaliza kusema ndipo muchisisite ndi chala. Tengani bering'i yatsopano popita kuti ayezerepo. Nambala yake imanena saizi: pa mabering'i ambiri, kupatula aang'ono kwambiri, manambala awiri otsiriza muwachulukitse ndi 5. Mwachitsanzo, 6205 imalowa pa shafuti ya 25 mm, pamene 6208 ndi ya 40 mm. Ntchito ikatha, muuzeni ayeze pamalo osemedwawo mbali zingapo inu mukuona. Bering'i ikamalowa ndi dzanja chabe, kapena akafuna kuboola timaenje pa shafuti kuti igwire, musailandire.

Chigayo chikaima nyengo yokolola, makasitomala amasamukira kwina ndipo kuwabweza nkovuta. Nkwabwino kuwonjezera ndalama ya thiransipoti kukafika kwa mmisiri amene amasamala makina ake, kusiyana nkugula mabering'i katatu pa chaka.