Ulendo wa ku Blantyre ndi Mulanje: mugona pati?

Mwasunga kandalama miyezi itatu, mwagwirizana ndi anzanu pagulu la WhatsApp kuti muyende mu Blantyre kenako mukaone phiri la Mulanje. Wina waponya chithunzi cha loji yokhala ndi dziwe losambiramo, onse basi: "Tigone pomwepa aise!" Tadikirani kaye. Mwafunsa kuti lojiyo ili mbali iti ya tauni?

Blantyre ndi matauni awiri olumikizidwa ndi msewu wa Chipembere: Blantyre weniweni ndi Limbe. Zambiri zokaona zili mbali ya Blantyre, monga Mandala House yomwe idamangidwa mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidamalizidwa mu 1891. Koma maminibasi a ku Thyolo ndi Mulanje amakwereredwa ku Limbe. Mukagona ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, kwabata ndithu, koma m'mawa mulipira kaye kabaza kapena takisi, kenako minibasi ya ku Limbe, ulendo weniweni usanayambe n'komwe. Ngati mukufika usiku pabasi, ndi bwino kupeza malo pafupi ndi pamene mutsikire kusiyana n'kuzungulira mumdima, chikwama kumsana, foni m'manja.

Cholakwika chachikulu ndi kulipira masiku onse mutauni poganiza kuti ku Mulanje mungopita n'kubwerako. Pa Google Maps makilomita pafupifupi 65 amaoneka ochepa. Mapuwo sadziwa kuti minibasi imadikira idzaze, komanso kuti kondakitala amaimitsa paliponse pamene waona munthu ataima ndi thumba. Mukafika dzuwa lili paliwombo, kujambula zithunzi ziwiri, mtima uli kale pa minibasi yobwerera.

Ine ndimati gawani: usiku umodzi mutauni, wina m'munsi mwa phiri. Kumeneko kulinso kusankha. Pa boma ndi pa Chitakale pali magolosale, malo odyera ndi mayendedwe osavuta. Ku Likhubula ndiye patsinde penipeni pa phiri, pomwe pali ofesi ya zankhalango ndi anyamata operekeza alendo. Mukagona kumeneko, ku Dziwe la Nkhalamba mupita wapansi m'mawa kusanatenthe. Ndalama tapirani pa boma musanakwere kabaza wa ku Likhubula.

Za Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, musanamizane. Si ulendo wa tsiku limodzi, anthu amagona m'tinyumba ta pamwamba pa phiri. Ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, jekete lija munalisiya poti "likuononga fashoni" mudzalilira.

Musanatumize dipoziti pa Mpamba kapena Airtel Money, imbani foni mulankhule ndi munthu. Funsani ngati madzi akutuluka, ngati pali sola kapena jenereta magetsi akazima, ndiponso kuti kuchokera pageti kufika pasiteji ndi mphindi zingati wapansi. Akakuyankhani kuti "m'pafupi pompa", auzeni akutumizireni lokeshoni pa WhatsApp muone nokha.