Chizindikiro cha pa Botolo: Chitetezo m'Malabotale Oyeza Nthaka

Dothi limene alangizi amatumiza kukayezetsa ku Chitedze, ku Mount Makulu kapena ku Koleji ya Bunda limakakumana ndi mankhwala aukali kwambiri. Popeza ophunzira ndi alangizi amalowa m'malabotale otere pa nthawi ya maphunziro, n'kofunika kudziwa mankhwalawa ndi mmene chenjezo lake limalembedwera.

Mankhwala atatu ofunika kusamala nawo

Poyeza zinthu zowolerana m'nthaka, malabotale ambiri amatsata njira ya Walkley ndi Black ya chaka cha 1934. Pa galamu imodzi ya dothi amathira mamililita 10 a potassium dichromate wosungunula m'madzi, kenaka mamililita 20 a asidi wa sulphuric. Ziwirizi zikangokumana, kutentha kumafika pafupifupi madigiri 120 popanda moto. Kutentha kumeneku n'kumene kunabala lamulo lakuti posukulutsa asidi, tithire asidiyo pang'onopang'ono m'madzi ambiri. Tikathira madzi mu asidi, madontho oyambawo amawira nthawi yomweyo ndi kuthovukira kumaso.

Potassium dichromate ndi ufa wa mtundu wa lalanje. Amadyetsa zilonda pakhungu, ndipo fumbi lake munthu akamalipuma limayambitsa khansa ya m'mapapo. Zotsala zake sizitayidwa m'sinki, chifukwa zimapha zamoyo za m'madzi.

Poyeza nayitrojeni, njira yodziwika ndi ya Johan Kjeldahl wa ku Denmark, ya chaka cha 1883. Dothi limaphikidwa mu asidi pa kutentha kopitirira madigiri 350, ndipo utsi wake umaotcha m'mero, motero ntchitoyi imachitikira m'kabati yokoka utsi. Pambuyo pake amathiramo sodium hydroxide wamphamvu. Ameneyu ndi wachinyengo: akagwera pakhungu amangoterera ngati sopo, ululu umadza mochedwa, koma amadya mnofu mozama, ndipo akalowa m'diso angathe kulichititsa khungu.

Tsono asidi wa sulphuric ndi sodium hydroxide wosungunula, onse amaoneka ngati madzi akumwa. Chimene chimatiuza zimene zili m'botolo ndi pepala lomatidwapo basi.

Zizindikiro zowerengeka m'dziko lililonse

Alangizi tinazolowera mitundu ya pa mankhwala ophera tizilombo, monga kufiira ndi kubiriwira, koma mabotolo a m'labotale sakhala ndi mitundu imeneyi. M'chaka cha 2002 bungwe la United Nations linavomereza ndondomeko yotchedwa GHS, imene ili ndi zithunzi 9. Chilichonse ndi chakuda, pa malo oyera, m'kati mwa mzere wofiira wa ngodya zinayi.

Chigaza ndi mafupa chimasonyeza poizoni wopha msanga. Madontho odya dzanja ndi chitsulo amasonyeza mankhwala ootcha. Munthu wa nyenyezi pachifuwa amachenjeza za matenda odza pang'onopang'ono, monga khansa. Lawi la pamwamba pa mkombero limasonyeza mankhwala okolezera moto, ndipo nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma ikunena za kuononga chilengedwe. Botolo la potassium dichromate limakhala ndi zithunzi zisanu zonsezi.

Pambali pa chithunzi pamakhala mawu amodzi. Mawu akuti Danger, kapena Perigo pa Chipwitikizi, ndi chenjezo lalikulu. Warning, kapena Atenção, ndi locheperapo. Motero mlangizi wa ku Chipata ndi mnzake wa ku Angónia angathe kumva chimodzimodzi botolo lomwelo. Mabotolo akale a zithunzi zakuda pa malo a mtundu wa lalanje ayenera kumatidwa mapepala atsopano.

Chikalata cha mankhwala

Mankhwala alionse ali ndi chikalata chake chotchedwa Safety Data Sheet, chimene wogulitsa ayenera kupereka. Chili ndi zigawo 16 zotsatana mofanana m'chinenero chilichonse. Chigawo 2 chimafotokoza kuopsa, 4 chithandizo choyamba, 7 kasungidwe, 8 zovala zodzitetezera, 10 mankhwala osayenera kuyandikana nawo, ndipo 13 katayidwe ka zotsala. Chikalatachi chiwerengedwe ntchito isanayambe, ndipo chikhale poonekera m'labotale momwemo, osati chokhomeredwa mu ofesi.

Pamene uthenga umasokera

Chenjezo limatayika pamene mankhwala athiridwa m'botolo lina. Wothirayo amadziwa zimene zilimo, koma ophunzira amamaliza maphunziro, antchito amasamutsidwa, botolo n'kutsala lopanda dzina. Choncho botolo lililonse logawiramo lilembedwe dzina la mankhwala, mphamvu yake, tsiku, dzina la wokonza ndi chizindikiro cha kuopsa. Mabotolo a zakumwa asagwiritsidwe ntchito imeneyi ngakhale kwa ola limodzi. Lamuloli likhudzanso timabotolo toyezera nthaka timene alangizi amapita nato kumidzi, kumene kuli ana.

Wolowa m'labotale avale magalasi oteteza maso, magolovesi, chovala cha manja aatali ndi nsapato zotseka. Asayamwe mankhwala ndi pakamwa kudzera m'kachubu koyezera, ndipo asadyeremo. Mankhwala akagwera pakhungu kapena m'maso, atsuke ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka apite kuchipatala atatenga chikalata chija. Kumene madzi a m'mipope amavuta, pakhale zidebe za madzi oyera ntchito isanayambe. Ngati palibe, ntchitoyo idikire.