Chifukwa chake sitimata tayala lobooka m'mbali

Mvula ikangoyamba mu Novembala, ntchito yathu ife okonza matayala imachuluka mu Lusaka. Madzi amabisa maenje, amakokolola misomali ndi zidutswa za malata kuchokera kumene anthu akumanga n'kuzisiya pamsewu. Ambiri obwera pagalaja timawathandiza msanga, amalipira makwacha ochepa n'kumapita. Koma alipo ena amene amachoka nkhope zili zakugwa chifukwa ndawauza kuti tayala lawo sindimata. Awa ndi aja tayala labooka kapena lang'ambika m'mbali, pakhoma paja pamene pamalembedwa dzina la kampani ndi manambala.

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Abwana, kabowo kake n'kakang'ono, mukungofuna kundigulitsa latsopano basi." Sindiwaimba mlandu. Tayalalo mizere yake ikadali yakuya, ndipo mwezi watha msomali unaboola bowo lofanana nalo pamene limaponda pansi, tinamata bwinobwino. Nanga lero chavuta n'chiyani? Chavuta ndi malo amene bowolo lili.

Pagalaja ndimasunga chidutswa cha tayala lodulidwa pakati, ndipo aliyense wotsutsa ndimamupatsa kuti agwire yekha. Ukatsina poponda pansi, umapeza kuti m'pokhuthala ndipo sipapindika. Pansi pa labala wa mizere uja pali malamba awiri a mawaya achitsulo oyalidwa mopingasana, moti ukayendetsa chala podulidwapo amakubaya. Koma ukatsina m'mbali, zala ziwiri zokha zimapapinda. Mulibe lamba wachitsulo m'menemo. Muli labala wopyapyala ndi ulusi wolimba wa polyester, nthawi zina wa rayon, umene umachoka pamlomo wogwira limu mbali ino, kudutsa pamwamba, n'kukathera pamlomo wa mbali inayo. Kapangidwe kameneka kanabwera ndi kampani ya Michelin mu 1946, ndipo chilembo R pa manambala monga 195/65 R15 chimanena za iko. Corolla, Vitz, Allion ndi Noah zonse zimene zadzaza mu Great East Road zimayenda pa matayala otere.

M'mbali anapapanga pofewa dala, kuti pazimeza mabampu galimoto isamakugwedezeni msana. Tayala likazungulira kamodzi, khoma la m'mbali limapindika pamene laponda pansi, kenako n'kuwongokanso. Tayala la 195/65 R15 limazungulira pafupifupi ka 500 pa kilomita imodzi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, ndiye kuti khomalo likupindika ka 14 pa sekondi iliyonse. Ulendo wa ku Chipata, wa makilomita pafupifupi 570, ndi kupindika koposa ka 280,000. Kupindikako kumabala kutentha, ndipo mu Okutobala phula nalo limakhala likuwotcha pansi. Nthawi yonseyi mpweya wa 2.2 bar ukukankha kuchokera m'kati ndi mphamvu yoposa makilogalamu awiri pa kamalo kalikonse kofanana ndi chikhadabo cha chala. Ngati patayala palembedwa 91, ndiye kuti linapangidwa kuti lisenze makilogalamu 615. Chimene chimagwira zonsezi kuti zisaphulike ndi ulusi uja.

Tsono chigamba ntchito yake ndi imodzi, kutseka mpweya. Msomali ukalowa poponda pansi, malamba achitsulo aja amakhala akugwirabe mozungulira bowolo, ndipo malowo sapindika kwambiri, choncho chigamba chimakhazikika mpaka tayala kutha. Koma chinthu chakuthwa chikalowa m'mbali chimadula ulusi, ndipo ulusi woduka palibe guluu amene angaulumikize. Katundu amene ulusiwo unkasenza amagwera ulusi woyandikana nawo, nawonso umayamba kuduka umodziumodzi. Chigambacho nacho chikupindidwa ndi kutenthedwa mosalekeza, m'mphepete mwake mumayamba kumatuka. Kusiyana kwakukulu kuli pa mapeto ake. Chigamba cha poponda chikalephera, mpweya umatuluka pang'onopang'ono, mumadzuka m'mawa n'kupeza tayala laphwa. Khoma la m'mbali likalephera limang'ambika kamodzin'kamodzi, kawirikawiri pamene galimoto ikuthamanga italemedwa. Zikachitikira pamakhota a ku Manenekela pamsewu wa ku Chipata, muli ndi banja lonse ndi katundu wa kumudzi, chiwongolero chimakulandani.

Lamulo lokana kumata m'mbali sindinalipeke ine. Muyezo wa ku Britain wotchedwa BS AU 159 umalola kumata kwa masiku onse pakati pokha pa malo oponda pansi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a m'lifupi mwake, ndipo bowo lisapitirire mamilimita 6. Bungwe la opanga matayala ku America limanenanso zofanana. Paphewa, pamene mizere imathera n'kuyamba kutsetsereka, sitimatanso, chifukwa m'pamene malamba achitsulo amathera ndipo m'potentha kwambiri. Ngakhale pamalo ololedwa, kumata koyenera n'kochotsa tayala pa limu, kuliyang'ana m'kati, kuyeretsa bowo, n'kuika chigamba chokhala ndi kamchira kamene timakakokera kunja kuti katseke njira ya madzi, mawaya asachite dzimbiri. Kachingwe konata kaja kamene amakasomeka kuchokera kunja tayala lili pagalimoto n'kongokufikitsani pagalaja.

Ndikudziwa kuti mukachoka kwa ine n'kuyenda pang'ono mupeza wina pansi pa mtengo, ali ndi kompulesa ndi beseni la madzi a sopo, amene adzakuuzani kuti, "Osadandaula amdala, tiwotcha, tiikamo chubu." Anyamata amenewa ambiri ndi akhama, ndipo pa msomali wa poponda amatipulumutsa tonse usiku. Koma njira zitatu zimene zimagwiritsidwa ntchito m'mbali, kuwotcha chigamba, kuika chidutswa cha tayala lakale m'kati, ndi kulowetsa chubu, zonse zimangobisa vuto. Zili ngati thumba la ufa la makilogalamu 25 limene lachekedwa ndi mpeni pambali. Mukhoza kuika pulasitiki m'kati ufa n'kuleka kutayika, koma mukalinyamula n'kumaligwedeza, pong'ambikapo pamakulirakulira mpaka zonse zikhuthuke. Chubu chili ndi vuto linanso. M'kati mwa tayala la tubeless, lopangidwa kuti liziyenda popanda chubu, muli timizere tokakala, ndipo chubu chikamakhuzana nato chimatentha n'kubooka.

Ena amati, "Nanga matayala a mathiraki ndi mathirakitala amawakonza bwanji m'mbali?" N'zoona, amawakonza. Koma matayala amenewo ndi okhuthala kwambiri, mtengo wake ndi waukulu moti kukonza kumapindulitsa, ndipo ntchitoyo imachitikira m'mafakitale okhala ndi makina ophikira labala, motsatira malire a kukula kwa bala. Thirakitala ya kumunda sithamanganso makilomita 100 pa ola. Tayala la galimoto yaing'ono lilibe mnofu wokwanira ntchito yotere.

Si bowo lokha limene limapha khoma la m'mbali. Chotupa n'choopsa chimodzimodzi ngakhale mpweya sukutuluka. Chimabwera tayala likagunda dzenje kapena mwala wa m'mphepete mwa msewu mwamphamvu, khoma n'kupanikizika pakati pa limu ndi chogundidwacho, ulusi n'kuduka m'kati. Mpweya umakankha labala wotsalayo, n'kutuluka kachulu kofewa ukakasindikiza ndi chala. Tayala lotere latha ntchito, ndipo kulitembenuza kuti chotupa chiyang'ane m'kati mwa galimoto kumangobisira maso anu okha. Koma musasokoneze chotupa ndi kamphako kakang'ono kolowa m'kati kamene kamaoneka pa matayala ena ngakhale atsopano. Pamenepo ndi polumikizira ulusi kufakitale, ndipo palibe vuto. Chimodzimodzi ngati mwakwecha pakonkire n'kusupula kachikopa ka pamwamba, ulusi osaoneka, tayala likhoza kupitiriza ntchito titaliyang'ana. Ulusi ukangooneka, basi.

Palinso matayala ambiri amene eni ake amawapha okha. Msomali walowa pamalo abwino omatika, koma munthu waona kuti kuchokera ku Kabwata kukafika m'tauni m'pafupi, wayenda tayala lili lophwa. Tikalichotsa pa limu timapezamo ufa wakuda wa labala wodzaza dzanja, ndipo m'kati mwa khoma muli mzere wozungulira wonyeka, pena ulusi uli poyera. Kunja limaoneka labwino, koma limu yalipera m'kati. Makilomita awiri okha amakwana kuwononga tayala limene likanamatidwa ndi ndalama ya basi. Mukamva galimoto ikukokera mbali imodzi, imani pamalo abwino muike sipeya. Kasipeya kakang'ono kaja kamene kamabwera ndi galimoto za ku Japan musakathamangitse kupitirira makilomita 80 pa ola.

Dera lililonse la Lusaka lili ndi mabala ake. Oimika galimoto m'tauni, mu Cairo Road, Freedom Way ndi Chachacha Road, amabwera ndi makoma okwechekwecheka chifukwa chopanikizana malo n'kukwera pakonkire. A ku Chelstone ndi m'misewu ya m'kati ya Kabwata amabwera ndi zotupa za maenje obisika m'madzi ndi mabala a miyala yakuthwa imene anthu amathira pokwirira maenjewo. M'mphepete mwa phula ndi ngalande za konkire zimadulanso tayala pamene dalaivala akupatukira minibasi. A ku Kabulonga ndi Woodlands nthawi zambiri vuto lawo ndi malimu aakulu okongola. Tayala la 195/65 lili ndi khoma lotalika pafupifupi mamilimita 127, pamene la 225/40 R18 lili ndi 90 okha. Khoma likafupika, dzenje lomwelo limene Corolla yadutsa bwinobwino limatsina tayala, pena n'kupinda limu yomwe. Mpweya wochepa umawonjezera ngozi imeneyi pa galimoto iliyonse, n'chifukwa chake ndimati muziyeza kamodzi pamwezi matayala asanatenthe, motsatira nambala yolembedwa pakhomo la dalaivala.

Nkhani yovuta ndi ya ndalama, ndipo sindiipeputsa. Woyendetsa takisi ya Yango amene tayala lamudukira pakati pa mwezi alibe poti n'kutapa. Ngati latsopano la dzina lalikulu simungalikwanitse, gulani latsopano lotsika mtengo la saizi yomweyo, ndipo nambala ya katundu isachepere pa imene inalipo. Ngati mukugula logwiritsidwapo kale ntchito, safunsa anadya phula. Lioneni lisanaikidwe pa limu, pisani dzanja m'kati mozungulira monse kufufuza zigamba za m'mbali, ndipo pindani khoma muone ngati lili ndi ming'alu. Pezani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT. Akakhala 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Opanga matayala ena, kuphatikizapo Michelin, amati likapitirira zaka 5 liziyang'anidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Pewaninso aja olembedwa Studless, chifukwa ndi a nyengo yachisanu ya ku Japan, labala wake ndi wofewa ndipo pa phula lathu lotentha amatha msanga. Ngati linzake la mbali inayo latha kwambiri, kufika pa timizere topingasa ta mamilimita 1.6, sinthani onse awiri, ndipo abwino kwambiri aikeni kumbuyo kuti galimoto isatembenuke pamsewu wonyowa.

A bungwe loona za pamsewu la RTSA amayang'ana matayala pa nthawi yoyeza galimoto ya fitness, koma pakati pa kuyeza kumodzi ndi kwina woyang'anira ndinu. Choncho tayala likabooka, pemphani wokonza alichotse pa limu, akuonetseni bowo ndi m'kati mwake. Ngati bowo lili pakati poponda, laling'ono, m'kati muli moyera, musalole kugulitsidwa latsopano, limatidwe. Ngati lili paphewa kapena m'mbali, kapena pali chotupa, kapena mwatuluka ufa wakuda, lisiyeni pomwepo, ndipo onetsetsani kuti alicheka khoma ndi mpeni inu mukuona, kuti mawa lisakagulitsidwe kwa munthu wina.