Unamwino umayambira ku sekondale

Mabanja ambiri m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amalakalaka ataona mwana wawo atavala zoyera pa chipatala cha Ulónguè. Koma ochuluka amayamba kufunsa njira mwana atamaliza kale sukulu, pamene madzi afika m'khosi.

Chimene chimagwetsa ana ambiri ndi mbali imene anasankha polowa gawo lomaliza la sekondale. Kumeneko ophunzira amagawidwa: ena amatsata zilankhulo ndi mbiri yakale, ena amatsata sayansi. Wofuna unamwino malo ake ndi ku sayansi, kumene kuli Biologia, Química ndi Matemática. Ana ena amathawa mbaliyi chifukwa choopa masamu, ena amangotsatira anzawo amene amagona nawo nyumba imodzi ya lendi. Kholo kumudzi limangomva kuti mwana wakhoza, nkupha nkhuku. Zoti wakhoza maphunziro ati, limadzamva patapita zaka.

Masamuwo sakuwafunira kuzunza ana. Dokotala akalemba kuti mwana alandire mamiligiramu 15 pa kilo iliyonse ya thupi lake, ndipo mwanayo akulemera makilo 12, namwino ndiye amawerengera kuti ndi mamiligiramu 180. Akaphonya nkulemba 1,800, wapha mwana wa eni ake. Ndipo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, usiku, sipakhala wina womuona ngati walakwitsa. Biologia imaphunzitsa za magazi, mtima ndi tizilombo ta malungo, pomwe Química imathandiza kumvetsa mankhwala ndi madzi a diripi.

M'sukulu zathu malikisi amayambira 0 kulekeza 20, ndipo wopeza 10 wakhoza. Koma 10 ndi wongowolokera mtsinje. Malo ku Instituto de Ciências de Saúde de Tete ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, choncho pamakhala mayeso olowera ndipo amatenga amene achita bwino koposa. Wofuna digiri ya unamwino, monga ya ku ISCISA ku Maputo, ayenera kukhala ndi kalasi 12. Kalasi yofunika pa kosi iliyonse, zaka zobadwa ndi maphunziro a mayeso zimalembedwa m'chikalata chotchedwa edital. Mwana achiwerenge yekha ndi maso ake, asadalire zomva pa msika.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Nkhondo isanathe mu 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo chibale chimenecho chilipobe. Mpaka lero alipo ana amene amaphunzira ku Dedza kapena ku Ntcheu, nabwera ndi satifiketi ya MSCE. Pepala limeneli silingoperekedwa lokha. Liyenera kuyamba lapita ku unduna wa zamaphunziro kuti alivomereze kuti likufanana ndi kalasi yakuti ya kuno, zimene amati equivalência, ndipo izi sizitheka tsiku limodzi. Likavomerezedwa, chatsala ndi chilankhulo. Mayeso ndi maphunziro onse a unamwino ali m'Chipwitikizi. Mwana wodziwa bwino thupi la munthu m'Chingerezi angathe kulephera funso chifukwa chongosowa tanthauzo la liwu limodzi. Wotereyu kuli bwino atapatula chaka chathunthu akuphunzira Chipwitikizi, kusiyana nkutaya ndalama ya mbatatesi pa mayeso amene sakuwamva. Chinyanja chake asachite nacho manyazi: ndicho adzalankhule ndi mayi wobereka amene sadziwa liwu la Chipwitikizi.

Amene analekezera panjira, kaya chifukwa cha mimba kaya kusowa ndalama, khomo silinatsekedwe. Sukulu zina za sekondale zili ndi makalasi a usiku, ndipo palinso maphunziro a patali otchedwa PESD, amene munthu amawerengera kunyumba nkumapita kukakumana ndi aphunzitsi masiku oikika.

Makolo, onaninso mapepala. Dzina lili pa Bilhete de Identidade lifanane chilembo ndi chilembo ndi lili pa satifiketi ya sukulu. Kuno kwathu nkosavuta kupeza mwana amene kusukulu analembetsa dzina la amalume pomwe pa chiphaso pali la bambo ake, kapena Phiri pepala lina, Fili pepala lina. Kukonza zimenezi kumafuna miyezi, ndipo kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200.

Masiku ano zatsegulidwanso sukulu za unamwino zomwe si za boma. Musanagulitse ng'ombe, funsani ngati sukuluyo ndi kosi yakeyo nzovomerezedwa ndi boma, pakuti womaliza amayenera kukalembetsa ku Ordem dos Enfermeiros de Moçambique asanayambe kugwira odwala. Dziwaninso kuti ntchito ya boma sibwera pamodzi ndi satifiketi: amadikira kuti malo alengezedwe, nkupikisananso ndi anzake.