Miyala Yokayikitsa ya m'Minda ya ku Ireland

M'dziko la Ireland, pakati pa minda ya balere ndi mabusa a nkhosa, muli manda oposa 1,500 amene anthu amakedzana adamanga ndi miyala ikuluikulu zaka zoposa 4,000 zapitazo. Koma pambali pa manda otsimikizikawa pali milu ina yambiri imene akatswiri, angakhale aiyeze ndi kuijambula, sangathe kulumbira kuti idaimikidwa ndi dzanja la munthu.

Chikayikochi chili ndi magwero ake. Madzi oundana amene adakuta dzikolo kalekale adakokolola matanthwe nawatula ena pamwamba pa anzawo, kotero kuti thanthwe lotsamira pa miyala iwiri limaoneka ngati denga la manda. Alimi nawonso, mibadwomibadwo, akhala akuzula miyala m'munda ndi kuiunjika m'mphepete kuti pulawo idutse bwino. Pamene ojambula mapu a Ordnance Survey ankayendera midzi m'zaka za m'ma 1830, malo ambiri adawalemba ndi dzina limene eni mudzi ankawatchula, lakuti manda a ziphona, ndipo enieni ndi ongofanana nawo adalowa m'mapu pamodzi.

Ntchito yopeta mankhusu adaisenza Ruaidhrí de Valera ndi Seán Ó Nualláin, amene buku lawo loyamba, lonena za chigawo cha Clare, lidatuluka mu 1961. Pa malo alionse wofufuza amagwada nayang'ana ngati miyala idazikidwa choimirira m'nthaka, ngati ikupanga chipinda chokhala ndi khomo, ndiponso ngati patsala mkombero wa mulu umene udakwirira chipindacho. Zimenezi zikasowa, malowo amakanidwa kapena kulembedwa kuti ngokayikitsa. Komatu umboni wosatsutsika uli pansi: ku manda a Poulnabrone, kumene Ann Lynch adakumba mu 1986 ndi 1988, kudapezeka mafupa a anthu oposa 30.

Popeza kukumba kumadya chuma ndi nthawi, malo okayikitsa ambiri akudikirabe, ndipo akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo la 1994 lidalamula kuti mwini munda adziwitse boma mwa kalata miyezi iwiri asadagwire ntchito pa malo olembedwa m'kaundula wa zakale. Lamuloli n'lanzeru, pakuti mulu wachabe ukasiyidwa mlimi ataya kadera kochepa ka msipu, pamene manda enieni akafafanizidwa ndi thirakitala palibe mmisiri amene angawabwezeretse.