Galimoto yokhala pa njerwa: tiigule kapena tiisiye?

M'makomo ambiri muli galimoto yomwe yakhala pa njerwa zaka zingapo, nkhuku zikuikiramo mazira. Makolo ena amaigula motchipa kuti aidzutse, kenako ndalama za fizi zimathera momwemo. Ife tikuti musanakambe za mtengo, gonani pansi pake ndi tochi.

Penti yosuluka, matayala akuphwa, ngakhale injini yosalira, zonsezi makaniko amakonza. Choopsa ndi dzimbiri mu chassis, chitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse. Land Rover zakale, zomwe zinayamba kupangidwa mu 1948, zimapusitsa kwambiri pamenepa. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, koma chassis ndi yachitsulo, ndiye kunja imaoneka yabwinobwino pomwe kunsi inadyeka kalekale. Gogodani ndi hamala: chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu n'kuyoyoka.

Pa Peugeot 504 kapena Datsun, yendetsani maginito m'zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pomwe sakugwira, wina anamatapo phala kubisa bowo. Pa Land Rover njira imeneyi sithandiza. Ophunzira a Fomu 3 atiuze chifukwa chake.

Funsaninso za masipeya. A Toyota Hilux savuta kupeza ku Limbe kapena ku Lilongwe, koma galimoto yosowa mnzake pamsewu idzabwerera pa njerwa.

Pomaliza, bulubuku. Nambala ya chassis ifanane ndi yolembedwamo, apo ayi ku Road Traffic mukavutika kusintha umwini. Ngati mwini wake anamwalira, musapereke ndalama mpaka onse olandira chuma chamasiye atavomereza.