Dimba la pakhonde: ndiwo za m'cigubu ndi m'saka

Masiku apitawa tinapita kukaona odwala ku mafuleti a ku Kabwata mu Lusaka. Titakwera masitepe kufika pamwamba, tinapeza amai ena okalamba, amasiye, alikuthyola repu pakhonde pao. Khondelo ndi laling'ono, kungoyalapo mphasa imodzi ladzaza, koma anaikapo zigubu zisanu ndi masaka awiri, zonse zobiriwira. Titawafunsa anaseka nati, "Ine ndinakulira pa dimba kwathu ku Katete. Kodi ndizigula repu tsiku ndi tsiku ngati ndiribe manja?"

Mau a amaiwa atikakamiza kulemba nkhani iyi. Ambiri a ife okhala m'matauni tiribe malo olima. Amene ali m'mafuleti ali ndi khonde cabe, ndipo m'makomboni monga Chawama, Kanyama ndi Mtendere eni nyumba anamanga zipinda za lendi pa puloti yonse. Motero ndiwo tigula ku Soweto kapena pa kantemba. Ndalama ya mpukutu umodzi ioneka yocepa, koma muwerenge masiku 30 ndipo mudzaona kumene malipiro apita.

Zaka zapitazi zatiphunzitsanso zina. Pa 29 February 2024, President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo cakudya cinavuta m'manyumba ambiri. Kuciyambi kwa caka comweco, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala ca odwala kolera. Munthu wolima ndiwo zake adziwa madzi amene anathirira ndi manja amene anathyola.

Sitikunena kuti khonde lingadyetse banja lonse, iai. Unga, mafuta ndi kapenta mudzagulabe. Koma masamba a masiku atatu kapena anai pa sabata angacokere pakhomo panu, ngati mutsatira zinthu zocepa zimene tifotokoza pano.

Coyamba ndi cobzalamo. Cigubu ca malita 20 cimene munali mafuta ophikira, ndowa yothyoka cogwirira, beseni yong'ambika, saka ya unga ya 25 kg, zonsezi zigwira nchito. Koma musatenge cigubu cimene munali mankhwala ophera tizirombo, penti kapena oilo ya galimoto, ngakhale mutacitsuka bwanji. Muboole kunsi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wotentha. Ambiri alephera pamenepa. Cigubu cosaboola cisunga madzi, mizu isowa mpweya ndi kuola, masamba asanduka acikasu, ndipo mwini aganiza kuti mbeu ifuna madzi ena, naonjeza.

Caciwiri ndi dothi. Dothi lofiira likakhala lokha m'cigubu liuma gwa ngati njerwa. Musakanize magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la manyowa oola bwino, ndi mcenga pang'ono kapena tizidutswa ta makala totsala pansi pa saka. Manyowa a nkhuku atsopano atentha mizu, cotero ayambe akhala pa mulu mpaka atazizira ndi kuleka kununkha. Wosowa manyowa angapange kompositi ndi makoko a nthoci, masamba ouma ndi zotsala za ndiwo zosaphika. Luso limeneli aliphunzitsa kwa zaka zambiri a Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu ya ulimi imene ma Jesuit anayambitsa m'caka ca 1974 kufupi ndi bwalo la ndeke la Lusaka.

Saka ili ndi cenjerero lake. Muike citini coboola mbali zonse ziwiri pakati pa saka, mudzazemo timiyala, muthire dothi mozungulira, ndipo mukweze citinico pang'ono-pang'ono mpaka saka itadzaza. Pakati padzatsala mzati wa timiyala wopereka madzi kufika pansi. Pamenepo mungaokere mbande pamwamba ndiponso m'mabowo ang'ono oceka m'mbali mwa saka. Malo a phazi limodzi apereka ndiwo za bedi lathunthu laling'ono.

Cacitatu ndi dzuwa. Matimati ndi sabola zifuna maola asanu ndi limodzi a dzuwa pa tsiku, pamene masamba apirira ndi ocepako. Popeza dziko lathu liri kum'mwera kwa equator, m'miyezi yozizira ya May, June ndi July dzuwa lipendekera kumpoto. Khonde loyang'ana kumpoto lilandira dzuwa lambiri nthawi imeneyo, koma loyang'ana kum'mwera likhala mumthunzi. Musanagule mbeu, mukhale tsiku limodzi pa nyumba muone nthawi imene dzuwa lifika ndi kucoka pakhonde panu.

Nanga tibzale ciani? Repu ndi caina zikonda nyengo yozizira, kuyambira April mpaka August. Mufese m'kabeseni, ndipo pakapita masabata anai muokere mbande zitatu m'cigubu cimodzi. Pakapitanso mwezi umodzi kapena kuposako pang'ono muyamba kuthyola. Muthyole masamba akunsi, mtima muusiye, ndipo tsinde lomwelo lidzakupatsani ndiwo kwa masabata ambiri. Kukatentha, bondwe ndi kalembula ndizo zicita bwino. Kalembula safuna ngakhale kugula mbeu, mungopempha mitsitsi ya kandolo kwa anansi ndi kuizika. Anyezi amasamba akula ngakhale m'botolo lodula. Matimati akhale tsinde limodzi m'cigubu ca malita 20, ndi kamtengo kocirikiza. Koma oyamba kumene tiwalangiza kuyamba ndi masamba, cifukwa kuyambira 2016 matimati m'dziko muno abvutika ndi kambozi ka Tuta absoluta, kamene kalowa mkati mwa tsamba ndi cipatso.

Cacinai ndi madzi. Dothi la m'cigubu liuma msanga kuposa la m'munda. Mupise cala m'dothi: ngati liri louma muthirire, ngati liri lonyowa musiye. M'mwezi wa October kungafunike kuthirira m'mawa ndi madzulo. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo ndi abwino, koma ocapira zobvala okhala ndi jiki aononga mbeu, ndipo a m'ngalande musawayese konse. Muphimbe dothi ndi udzu wouma kuti cinyezi cikhalitse. Pakapita masabata atatu ali onse muonjezeko dzanja limodzi la manyowa, cifukwa cakudya ca m'cigubu cicoka pamodzi ndi madzi. Nsabwe za m'masamba zikaoneka, muzifikise ndi zala kapena mupopere madzi a sopo pang'ono. Pakhonde pamene ana asewera si malo a mankhwala aukali.

Tisaiwale anansi. Akulu anati walira mvula walira matope. Madzi odontha kucokera pakhonde panu angagwere pa zobvala zimene a pansi ayanika, ndipo mkangano ungabuke cifukwa ca repu. Muike mbale pansi pa zigubu, ndipo madzi otsalamo muwataye tsiku lomwelo kuti udzudzu usaswerepo. Cigubu codzaza dothi lonyowa cilemera kuposa saka ya unga ya 25 kg, cotero musaunjike zambiri malo amodzi. Muziike pansi kufupi ndi cipupa, osati pamwamba pa zitsulo za khonde pamene mphepo ya August kapena mwana angazigwetsere pa munthu wodutsa. Ngati mukhala nyumba ya lendi, muyambe mwapempha eni ake.

Pali phindu lina limene tinaona ku Kabwata. Kamdzukulu ka amai aja, kobadwira m'tauni, ndiko kamathirira m'mawa kasanapite ku sukulu, ndipo kadziwa kusiyanitsa bondwe ndi udzu. Ana athu ambiri aganiza kuti ndiwo zimera pa tebulo la pamsika. Cigubu cimodzi cokhala ca mwana yekha cimphunzitsa kusamala ndi kuyembekeza.

Potsazika, amaiwo anatimangira mpukutu wa repu kuti tikapatse wodwala wa pa khomo lacitatu. Inu owerenga, muyambe ndi zigubu ziwiri sabata ino, ndipo mbande zikaculuka mugawireko anansi anu.